Manambala a pa webusaiti yanga sadziwa kuti ku Maganga kuli anthu

Nkhani imene inawerengedwa kwambiri pa zonse zomwe ndalembapo ndi yomweyo imene ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaifufuta m'mafoni a anthu onse amene anailandira. Ndinailemba m'nyengo ya mwera, ndili kusukulu, ndipo siinanditengere ngakhale mphindi 20. Ndifotokoza za nkhaniyo, koma ndiyambe ndi mmene ndinafikira pamenepo, chifukwa ambiri mwa inu amene muli ndi masamba pa intaneti mukuyenda njira yomweyo.

Kwathu ndi kwa Maganga, m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima, kufupi ndi Senga Bay. Amalume anga ali ndi boti ndi ukonde wa chilimira, ndipo mayi anga amachita geni ya usipa: amagula kudoko m'mamawa, kuyanika pathandala, kenako kugulitsa kwa opikula ochokera ku Lilongwe. Fizi yanga yambiri yachokera pathandala limenelo. Nditafika ku yunivesite ndinadabwa kuona kuti anzanga ambiri amadziwa Senga Bay ngati malo okasambira ndi kujambulitsa zithunzi pa tchuthi basi. Zoti kuseri kwa malo ogona alendowo kuli anthu amene amagona panyanja usiku wonse kuti iwo adye usipa kukafeteriya, sankaziganizira n'komwe. Ndiye m'chaka chachiwiri ndinatsegula webusaiti pa Blogger, poti ndi yaulere, n'kuyamba kulemba za kwathu m'Chichewa.

Miyezi yoyamba ndinkalemba ngati munthu woponya mbedza m'madzi akuda. Ndinkalemba za kukongola kwa nyali za asodzi usiku, za chilumba cha Namalenje dzuwa likamatuluka, za agogo anga ndi nthano zawo. Anzanga awiri kapena atatu ankandiuza kuti nkhani zake n'zabwino, koma sindinkadziwa ngati awerengadi. Mnzanga wina amene amaphunzira za makompyuta ndi amene anandilumikizira Google Analytics ndi Google Search Console. Zonsezi n'zaulere. Amene mukufuna kuyamba, dziwani kuti Google inasiya mtundu wakale wa Analytics pa 1 July 2023 n'kutsala ndi umene amautcha GA4, choncho mavidiyo ambiri akale ophunzitsa pa YouTube amaonetsa mabatani amene simudzawapeza. Ine ndinawononga bando yathunthu ndisanazindikire zimenezi.

Chimene chinanditsegula maso koyamba ndi Search Console. Imeneyi imakuonetsa mawu amene anthu analemba pa Google pamene tsamba lako linaonekera, kuti linaonekera kangati, ndiponso kuti analidina kangati. Ndinkayembekezera kuona mawu okhudza kukongola kwa nyanja. Sindinapezepo. Ndinapeza anthu akufunsa mtengo wa usipa ku Salima, kasungidwe ka usipa kuti usachite nkhungu, ndi tsiku limene nyanja imatsekedwa. Tsamba langa linkangoonekera chifukwa mawu akuti usipa ndi Salima anali m'nkhani zanga, koma pafupifupi palibe amene ankadina, poti mitu yanga sinkalonjeza yankho lililonse. Anthu ankabwera ndi mafunso a m'mimba, ine n'kumawapatsa ndakatulo.

Safunsa anadya phula. Ndinawaimbira mayi n'kuwafunsa mafunso omwewo, iwo akuyankha ine ndikulemba. Anandifotokozera kusiyana kwa usipa woyanika ndi dzuwa, wofutsa ndi wokazinga, ndi chifukwa chake wogula mtundu wina safuna mtundu winawo. Anandiuza chifukwa chake mtengo umakwera mwezi ukamawala: asodzi a chilimira amakopa usipa ndi nyali, ndiye mwezi ukakhala wathunthu nyalizo sizikoka nsomba, maboti ambiri sapita, usipa n'kusowa padoko. Anandiuzanso mavuto a dzinja, pamene mvula imagwa nsomba zili pathandala, munthu n'kutaya mpamba wonse tsiku limodzi. Kuchokera pamenepo ndinalembanso za matenti oyanikira nsomba amene anamangidwa m'magombe ena a Salima ndi Mangochi, ndi za nthawi yotseka nyanja kwa makoka, imene imayamba mu November kuti chambo chiswane. Nkhani zimenezi sizinali zokometsera, koma anthu anayamba kuzipeza pa Google okha, sabata ndi sabata, ine osatumiza linki kwa aliyense.

Phunziro lachiwiri linali la mafoni. Analytics inandionetsa kuti pafupifupi aliyense ankawerenga pafoni, pamene ine ndinkakonza tsamba langa pa kompyuta ya ku laibulale, pa intaneti ya sukulu imene sindinkalipira. Ndinkaika zithunzi zinayi kapena zisanu pa nkhani imodzi, zazikulu monga zinatulukira mu kamera. Tsiku lina ndili kumudzi ndinayesa kutsegula tsamba langa lomwe pafoni ya msuweni wanga. Tinadikira mpaka iye anati, "Achimwene, tsekani basi, mundithera data." Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake anthu ambiri ankachoka pasanathe masekondi 10, amene ndi malire omwe GA4 imagwiritsa ntchito poona ngati munthu wakhalako pa tsamba. Sikuti nkhaniyo inali yoipa. Munthu wa bando ya tsiku limodzi ya Airtel kapena TNM sangadikire chithunzi cha dzuwa likulowa. Ndinachepetsa kukula kwa zithunzi, kusiya chimodzi pa nkhani iliyonse, ndi kuika yankho m'ndime yoyamba. Nthawi imene anthu ankakhala pa tsamba inakwera mwezi womwewo.

Lachitatu linali la kumene owerenga ankachokera. Gawo lalikulu Analytics inkaliika m'gulu la anthu obwera mwachindunji, ngati kuti analemba okha adiresi ya tsamba langa. Ndinkadzitama nazo kwa kanthawi, mpaka mnzanga uja anandiseka. Anandiuza kuti munthu akadina linki mu WhatsApp, nthawi zambiri Analytics sidziwa kumene wachokera, ndiye imangomuponya m'gulu limenelo. Anandiphunzitsa kuwonjezera timawu kumapeto kwa linki, timene amatitcha UTM, kuti ndizidziwa kuti iyi ndinatumiza pa gulu la kumudzi, iyi pa Facebook. Zotsatira zake zinali zoonekeratu: Facebook inkabweretsa anthu ambiri ongosuzumira, pamene magulu a pa WhatsApp ankabweretsa ochepa koma owerenga mpaka kumapeto.

Mpaka apa manambala anali mphunzitsi wabwino, ndipo sindikubweza mawu amenewa. Amene amalemba osayang'anako manambala akudzinamiza. Vuto linayamba pamene ndinasiya kuwafunsa mafunso n'kuyamba kuwalambira. Ndinkatsegula Analytics ndisanasambe m'maso, m'kalasi, ngakhale pakati pausiku. Pali gawo limene limaonetsa anthu amene ali pa tsamba lako m'mphindi 30 zapitazo. Kuona nambala imeneyo ikukwera kumakoma ngati kutchova juga, ndipo ikatsika mtima umatsika nawo. Ndinazindikira msanga kuti mitu yoopsa imakoka anthu, ndiponso kuti woyamba kutulutsa nkhani ndi amene amatenga gulu lonse.

Mmawa wina mu June msuweni wanga ananditumizira uthenga wa mawu. Mwera unali utawomba usiku wonse, ndipo boti lina la kudoko kwathu linali lisanabwere pamene ena onse anali atakocheza. Anangoti anthu ali ndi nkhawa. Sananene kuti boti lamira. Ine sindinaimbire amalume, amene anali padoko pomwepo. Sindinaimbire mayi. Ndinaganiza za chinthu chimodzi: masamba akuluakulu a pa Facebook akaimva anditsogolera. Ndinalemba mutu wonena kuti asodzi akuopedwa kuti amira kwa Maganga, ndime zitatu zongobwereza mutuwo, ndipo poti nkhani yopanda chithunzi siyenda, ndinatenga chithunzi chakale cha boti m'foni yanga n'kuikapo. Sindinalabadire kuti dzina la botilo linkaoneka bwinobwino m'mbali mwake, ndiponso kuti silinali boti limene linasowalo.

Nambala ija inakwera mmene ndinali ndisanaonerepo. Ndinakhala pabedi m'hositelo ndikuiyang'ana, ndipo ndivomere pano kuti ndinasangalala. Pa mapu panayamba kuoneka Lilongwe, Blantyre, kenako Johannesburg ndi Cape Town. Kwathu kuno n'kovuta kupeza banja lopanda m'bale ku Joni, ndipo anyamata a kumeneko ali ndi magulu awo a pa WhatsApp. M'modzi mwa iwo anazindikira boti la pachithunzi. Mng'ono wake amagwira ntchito m'boti limenelo. Anaimbira mayi awo akulira. Mayiwo anali kumunda, kutali ndi doko, ndipo anakomoka asanamve kuti mwana wawo ali kunyumba akugona, poti boti lawo linali litabwera kalekale m'bandakucha.

Boti limene linasowadi linapezeka masana. Injini inali itazima, mphepo n'kuwakankhira kumpoto mpaka anakakocheza pagombe lina, onse amoyo. Ndinachotsa nkhani ija n'kulemba ina yokonza ndi kupepesa. Apa m'pamene manambala anandiphunzitsa chinthu chowawa kwambiri: nkhani yokonzayo inawerengedwa ndi kagulu kochepa zedi poyerekeza ndi yabodza ija. Chithunzi cha mutu uja chinapitirira kuyenda m'magulu kwa masiku angapo tsamba nditalifufuta kale. Nditayang'ananso patapita mwezi, ndinapeza kuti mwa khamu lonse limene linabwera tsiku limenelo, obweranso anali owerengeka. Ndinasinthanitsa mtendere wa mayi wachikulire ndi alendo a masekondi asanu.

Nditapita ku tchuthi mayi sanandikalipire. Anangogula shuga, n'kunena kuti, "Vala, tikupita limodzi." Tinakhala pamkeka pakhonde la mayi aja, ine ndikufotokoza movutikira zimene ndinachita. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa, "Ndiye mwana wanga, anthu ambirimbiri amene anawerengawo anakupatsa chiyani?" Ndinalibe yankho. Sanandipatse ngakhale tambala. Tsamba langa linalibe n'komwe zotsatsa malonda. Ndinkathamangitsa nambala chabe, imene sindikanagulira ngakhale mchere.

Madzulo ake ndinapeza amalume akusoka ukonde pamchenga. Sanayambe ndi nkhani yanga. Anandikumbutsa za anthu amene amaphera nsomba neti ya udzudzu m'mphepete mwa nyanja, khalidwe limene a zausodzi ndi makomiti a m'magombe akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri. "Mphwanga," anatero, "neti ya udzudzu imadzadza ndowa msanga kuposa ukonde uwu. Koma imakokera limodzi ndi nsomba za chaka chamawa." Anangonena zomwezo n'kupitiriza kusoka. Pamudzi ngati wathu chuma cha wolemba ndi chikhulupiriro cha anthu, ndipo ine ndinali nditachikoka chonse tsiku limodzi.

Pambuyo pake ndinawerenga za katswiri wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart, amene mu 1975 anaona kuti muyeso ukangosandutsidwa cholinga umasiya kuyeza bwino chimene unkayeza. Iye ankanena za ndalama ndi mabanki, koma mfundoyi timaiona tsiku ndi tsiku. Wophunzira akamafuna magiredi okha amaloweza mayeso akale m'malo momvetsa phunziro. Wolemba akamafuna kudinidwa kokha amalemba zodinidwa, kaya n'zoona kaya ayi. Chiwerengero cha owerenga chinkandiuza ngati nkhani yathandiza anthu pa nthawi imene cholinga changa chinali kuthandiza. Chitasanduka cholinga, chinayamba kungoyeza kuchuluka kwa mantha amene ndafalitsa.

Pali chinthu china chimene ndinachiona pa tchuthi chomwecho, ndipo ndi chimene ndikufuna anzanga olemba m'Chichewa muchiganizire. Pa mapu a Analytics yanga, Maganga sinaonekepo ngakhale kamodzi. Salima yomwe imaoneka mwa apo ndi apo. Chifukwa chake n'chakuti pulogalamuyi imangoyerekeza kumene munthu ali poona adiresi ya intaneti imene kampani ya foni yamupatsa, ndipo kuno kwathu adiresi zimenezo kawirikawiri zimaloza ku mizinda ikuluikulu. Mayi wa geni amene wakhala pamchenga kwa Maganga amawerengedwa ngati wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Kwa miyezi ndinkakhulupirira kuti owerenga anga ndi anthu a m'tauni, mpaka ndinayamba kulemba mowasangalatsa iwo.

Ndiyenso pali amene saoneka n'komwe. Tsiku lina ndinapeza msuweni wanga pansi pa mtengo akuwerenga mokweza nkhani yanga ya kasungidwe ka usipa m'dzinja, amayi asanu ndi awiri atamuzungulira, ena akutsutsa, ena akuwonjezera zawo. Pa Analytics ameneyo ndi munthu mmodzi. Ena amakopera nkhani yonse n'kuiika mu WhatsApp kuti anzawo amene ali ndi bando ya WhatsApp yokha awerenge osatsegula linki. Amenewo ndi ziro. Mayi anga, amene ndi gwero la nkhani zanga zabwino zonse, sanatsegulepo tsamba langa ndi dzanja lawo. Zida zimenezi zinapangidwa moganizira kuti munthu aliyense ali ndi foni yakeyake ndi data yosatha. Kwathu foni imodzi imadyetsa khomo lonse. Ukamatsatira manambala okha, pang'onopang'ono umasiya kulembera anthu amene unayambira kulemba, popanda tsiku limene unasankha kuwasiya.

Ena anganene kuti ndiye bwanji osangozimitsa Analytics n'kumalemba zimene mtima ukufuna. Ndinayesa kwa milungu ingapo chifukwa cha manyazi, koma ndinaona kuti kumeneko n'kuthawa. Popanda Search Console sindikanadziwa kuti anthu akufuna kudziwa tsiku lotseka nyanja. Popanda kuona kuti anthu akuchoka msanga sindikanachepetsa zithunzi, ndipo anthu osauka omwewo ndi amene akanapitiriza kutaya data. Siginala amene amatsogolera chilimira ndi nyali zake amawerenga madzi, mphepo ndi mwezi asanauze anzake kuponya ukonde, ndipo palibe amene angamuuze kuti atsinzine. Chofunika n'kudziwa chimene chizindikiro chilichonse chinganene ndi chimene sichinganene.

Ndiye masiku ano ndimachita motere. Analytics ndimaitsegula kamodzi pa sabata, Lamlungu madzulo, ndipo gawo la mphindi 30 lija sindilikhudzanso. Ndisanatsegule ndimalemba funso limodzi papepala, monga lakuti kodi nkhani ya sabata yatha anthu anaiwerenga mpaka pati, kapena ndi mafunso ati atsopano amene aonekera pa Google. Nambala imene ndimaiona kukhala yofunika kwambiri ndi ya obweranso, osati ya obwera onse. Nkhani imene imawerengedwa ndi anthu ochepa sabata iliyonse kwa chaka chonse ndimaiona yaphindu kuposa yophulika tsiku limodzi, choncho nthawi yambiri ndimathera kukonza nkhani zakale zimene anthu akuzipezabe. Nkhani iliyonse yothandiza ndimaijambulanso m'mawu n'kutumiza pa gulu la kumudzi, ngakhale ndikudziwa kuti palibe chida chimene chidzandiuze kuti amva ndi angati. Ndipo nkhani yokhudza moyo kapena imfa ya munthu sindiitulutsa ndisanalankhule ndi anthu awiri amene ali pamalopo, olo masamba ena anditsogolere. Chithunzi chikhale cha chinthu chomwecho, apo ayi nkhani ipite yopanda chithunzi.

Ambiri mwa ife tikamaliza sukulu tidzalembedwa ntchito yoyendetsa masamba a makampani, mabungwe, mawayilesi ndi mipingo, ndipo kumapeto kwa mwezi bwana adzafuna kuona mzere wokwera. Phunzirani zida zimenezi, zikupezetsani ntchito. Koma mukamalemba lipoti lanu, wonjezerani ndime imodzi yonena za amene sakuoneka pa mzerewo ndi chifukwa chake. Mukapanda kutero, ndalama ndi nkhani zidzapitirira kulowera kwa anthu a data yambiri, aliyense akukhulupirira kuti akungotsatira umboni.

Owerenga anga tsopano ndi ochepa kuposa a mwezi wa June uja, ndipo mwina sindidzafikanso pa nambala imeneyo. Tchuthi chapitachi ndikudutsa padoko, mayi wina wa geni amene sindinkamudziwa anandiitana n'kundiuza kuti nkhani ya usipa wofutsa ndinalakwitsa penapake, ndipo anandifotokozera mmene iwo amachitira. Ndinakhala pansi n'kulemba m'foni zonse zimene ananena, usiku womwewo n'kukonza nkhaniyo. Nditamufunsa kumene anaiwerenga, anandiyankha kuti sadziwa kuwerenga, anaimva kwa mdzukulu wake.